Dowe wa m'Nkhalango ya Bwana wa Gasi

Ellenbrook, Perth
Januwale, 2022

Kwa Bwana Mkulu Woona za Kuchepetsa Utsi,
Kampani ya Gasi ya Chizindikiro cha Mbalame Yobiriwira,
Nyumba ya Magalasi, m'Tauni.

Wolemekezeka Bwana,

Kalatayi ndikulemba nditagwada, ngakhale simukundiona. Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi apabanja, ndipo matenda a koronawa akukudutsani kutali. Ife kuno tilipo, tikupuma mpweya umene mwatisiyirako.

Dzina langa ndine Tayamika. Simundidziwa, ndipo sindikudandaula, chifukwa ngakhale kutchalitchi kwathu ambiri amangonditchula kuti uja amakhala benchi yakumbuyo. Sukulu ndinalekeza Sitandade 8 ku Mponela. Kuno ndinabwera potsatira bambo akunyumba, amene amawotcherera mapaipi ku fakitale yanu ya kumpoto, kumene mumaziziritsa gasi mpaka asanduke madzi n'kumukweza pa sitima zapamadzi zopita kunja. Dzina lawo sinditchula, kuopa kuwaika m'mavuto.

Tsiku limene gulu lathu la Amalawi linakumana kuti lisankhe wokuyankhani, aliyense anali ndi chifukwa. Anamwino anati manja awo atopa ndi odwala. A Paterson, katswiri wathu wa za miyala amenenso amatimasulira Chingerezi, anati tsiku lina angadzafunsire ntchito kwanu, choncho dzina lawo lisaoneke paliponse. Kenako onse anangotembenukira kwa ine. Ine ndimachita manyazi kukana kuposa mmene ndimachitira manyazi kulankhula, ndiye cholembera chinandigwera.

Ndalemba m'Chichewa. Kalata yanu inabwera m'Chingerezi chovala jekete ndi tayi, ndipo ife tinathamanga kukapeza wotiwerengera. Ndikudziwa kuti nanunso simuvutika. Kampani imene imatha kusandutsa mpweya kukhala madzi singalephere kupeza munthu mmodzi wowerenga Chichewa. Ndaiikanso poyera kuti anzanga aone ndi maso awo kuti sindinakutukwaneni.

M'kalata yanu mwanena kuti Lolemba loyamba la February thirakitala ibwera kudzagwetsa munda wathu wa kuseri kwa Ellenbrook. Chimanga chamasula kale, ndevu zatuluka, chikungofuna mwezi umodzi kuti tidye dowe. Sindikutsutsa, Bwana. Ndine yani ine? Ndangoti thirakitala isanafike ndikuthokozeni pa zinthu zingapo, poti mwina mpata wina sudzapezeka.

Choyamba, zikomo chifukwa cha malo.

Mu June chaka chatha munatitumizira wantchito wanu, a Bennett, munthu waulemu wake, wosekerera ndi maso. Anatifotokozera kuti fakitale yanu imatulutsa utsi umene ukutenthetsa dziko, ndipo kuuleka n'kovuta kwambiri. Ndiye nzeru imene munapeza ndi yodzala mitengo kuti izimeza utsiwo. Ine ndinadabwa mumtima. Bambo akunyumba amakwera ndege kuti akafike ku fakitaleko, ndipo amafika atagona n'kudzuka. Ndinanong'oneza a Paterson kuti utsi wa kutali chotero udziwa bwanji njira ya ku Ellenbrook, kumene ngakhale sitima siifika? Iwo anati mlengalenga ndi umodzi, ndisawachititse manyazi pamaso pa alendo. Mpaka lero ndimalemekeza utsi wanu chifukwa cha nzeru zake.

Tsiku lodzala linafika mu July, kukuzizira, mvula ikuwaza. Munatipatsa magolovesi, timakasu tonga supuni, ndi timbande totalika ngati chala. Panali thanki yaikulu ya madzi, mapaipi atayalidwa pamchenga. Panali chikwangwani cholembedwa kuti malo ano akusamalidwa ndi Amalawi a ku Perth. Munatidyetsa soseji yokulunga m'buledi. Inunso munabwera, Bwana. Munatsika m'galimoto, munagwira fosholo yatsopano yomangidwa riboni, munadzala kamtengo kamodzi, anakujambulani, munakwera galimoto. Pa chithunzicho pali chigongono cha munthu wonyamula kheni yothirira. Chigongonocho ndi changa. Ndimachisunga m'foni, ndipo ndinatumizira amayi kumudzi kuti aone mmene mwana wawo watchukira.

Mutachoka, a Bennett anatenga mayi Margreth, namwino wamkulu amenenso ndi wapampando wathu, n'kuyenda nawo m'malire. Ankaloza ndi dzanja kuti kuyambira pa chipilala icho mpaka pa mtengo uwo, kutsika mpaka ku waya. Pomaliza anati tiwasamale malowo ngati athu.

Bwana, sindidziwa kuno. Koma kwathu munthu akakuyendetsa m'malire, kukupatsa khasu, kukudyetsa, n'kunena pamaso pa mboni kuti samala ngati pako, palibenso chofunsa. Wakupatsa munda. Amayi analuluta. A Bennett anaganiza kuti tikusangalalira mitengo, ndipo anawomba nawo m'manja.

Chachiwiri, zikomo chifukwa chotikhulupirira.

Kuyambira tsiku la soseji lija palibe wa kampani amene anapondanso phazi pamalopo. Ena angati kumeneko n'kunyalanyaza. Ine ndimati n'chikhulupiriro. Titapita mu September, mvula italeka, tinapeza timitengo tambiri titauma gwa. Tinafufuza chifukwa, ndipo tinapeza kuti mpopi wa pathanki sunatsegulidwepo chiyambire. Mapaipi aja anaoneka bwino kwambiri pa chithunzi, ndipo ndikuganiza kuti ntchito yawo inathera pomwepo.

Zimene zinatsala zamoyo zinali zotuwa, zaminga, zina zokwawa pansi, zosasiyana ndi udzu umene unamera pakati pake. Mayi Margreth anaima manja ali m'chiuno. Anati izi n'zochititsa manyazi, mwini malo akadzabwera n'kupeza tchire lotere adzati Amalawi ndi alesi, anawapatsa malo n'kungodya soseji. Bambo akunyumba ali patchuthi anatiwotcherera makasu enieni, olemera, osati masupuni aja. Loweruka lotsatira tinalowa m'munda ndi nyimbo. Tinasosa, tinapalira, tinazula chilichonse chooneka ngati thengo, n'kuunjika pambali bwinobwino.

Musaganize kuti tinali osasamala. Mitengo imene tinaizindikira kuti iyi ndiye mitengo, yobiriwira bwino, ya masamba ooneka, tinaisiya. Tinaikumbira mabeseni, tinaithira manyowa, tinaitsegulira mpopi. Inakula mosangalatsa. M'kalata yanu mwatiuza kuti zimene tinazula zija ndiyo inali mitengo yachilengedwe ya kuno, ndipo imene tinailera ija ndi zomera zachilendo zimene aboma akulimbana nazo kuti zithe. Tamva, Bwana. Tingopempha kuti ulendo wina mitengo yanu izioneka ngati mitengo.

Tsono malo oyera, madzi alipo, makasu ali m'manja, October wafika. Mukanatani mukanakhala inu? Mayi Monde, mnzathu wa ku Zambia amene amasamalira okalamba, anali ndi mbewu ya chimanga choyera imene amadzala kuseri kwa nyumba yawo ku Maddington. Ena anabweretsa nthanga za maungu, ena nyemba. Ndowe za akavalo tinkakatenga ku mafamu a ku Swan Valley, ndipo galimoto ya a Paterson mpaka lero mkazi wawo amakana kukwera. Mchenga wa kuno ndi wouma mtima, ukathira madzi umangokuyang'ana, koma tinauumiriza mpaka unavomera. Tinaunga mizere yowongoka ngati ya kusukulu ya zaulimi. Mkangano unali umodzi wokha: mayi Monde ankaumirira kuti ndiwo za masamba a maungu dzina lake ndi chibwabwa, ife tikuti ndi nkhwani. Tinagwirizana kuti mzere wawo ukhale wa chibwabwa, yathu ya nkhwani, ndipo mpaka pano masamba ake sakusiyana.

Ndikuuzeni zoona pang'ono, Bwana, kenako ndibwerere kuthokoza. Malire a dziko atsekedwa kuyambira kale, palibe wopita kumudzi. Mayi Margreth anaika maliro a mayi awo pa foni, ali m'galimoto panja pa chipatala, kenako anapukuta maso n'kubwerera kwa odwala. Loweruka lake anabwera kumunda, analima mizere yawo ndi ya ena mpaka dzuwa kupendeka. Anamwino amafika kumeneko nkhope zili mizeremizere ndi zingwe za masiki, n'kuvula, n'kupuma. Kumunda lamulo lotalikirana silivuta, aliyense ali ndi mzere wake. Ana obadwira kuno adziwira kumeneko kuti chimanga sichimera m'chitini. Ine, bambo akunyumba akapita kwanu masabata angapo, ndinkakhala m'nyumba kumangomvera kulira kwa firiji. Tsopano amayi anzanga akuti ndimayambitsa nyimbo. Ine sindikhulupirira, koma akutero.

Chachitatu, zikomo chifukwa cha lipoti lanu lokongola.

Kumayambiriro kwa December kunabwera kandege kakang'ono kopanda munthu, kolira ngati njuchi. Kanazungulira pamwamba pa munda, ana anakabayibitsa, kanapita. Khirisimasi isanafike, a Paterson anatibweretsera buku lanu la pachaka, la mapepala onyezimira onunkhira ngati nsapato zatsopano. Pakati pake panali munda wathu, wojambulidwa kuchokera kumwamba, wobiriwira kuti biriwiri, mizere ili ndondondo. Pansi pake munalemba kuti nkhalango yanu yatsopano ya ku Ellenbrook ikukula mofulumira kuposa mmene akatswiri ankayembekezera, ndipo yayamba kale kumeza utsi wa ku fakitale.

Bwana, tinanyadira. Mayi Monde anati chimanga chawo sichinayambe chatchedwapo nkhalango, ngakhale ndi malemu amuna awo amene ankawakonda kwambiri.

Pakona pa chithunzicho panaoneka munthu ataima chilili pakati pa zobiriwirazo, atavala malaya a olenji a kampani yanu ndi chipewa cholimba, manja atatambasula. Munakulitsa chithunzicho, munawerenga dzina losokedwa pathumba, ndipo munalemba kuti uyu ndi Flywell, wantchito wanu wokhulupirika, amene amapereka masiku ake atchuthi kusamalira nkhalango. Apa dzina la bambo akunyumba ndalitchula, koma munayamba ndinu.

Tsiku limenelo a Flywell anali ku fakitale, mkati mwa paipi, akuwotcherera. Amene munajambulayo ndi chidole cha udzu chimene tinaimika kuti chiziopseza zinkhwe ndi akangaru, nyama zodumpha za kuno. Malaya ndi awo ndithu, akale, obooka m'khwapa. Satifiketi imene munawatumizira yafika, pamodzi ndi botolo la madzi la chizindikiro cha mbalame. Anzawo kuntchito tsopano amawaitana kuti Bwana Nkhalango, ndipo akamadutsa amawatambasulira manja. A Flywell akuti satifiketi sabweza, chifukwa zaka zonse zimene awotcherera mapaipi anu palibe anawapatsapo ngakhale kapu. Koma botolo tinakapachika pa dzanja la chidole, poti mwini ntchito ndi iyeyo. Mwa antchito anu onse, ndi yekhayo amene wakhala pa nkhalangoyo usana ndi usiku osachoka.

Chachinayi si kuthokoza koma kupepesa, pa nkhani ya beseni.

Kwathu ukalima pa malo a munthu, zoyamba kucha sulawa. Umapita nazo kwa mwini malo, iye aone, adalitse, kenako udye. Mzere woyamba, umene tinadzala msanga poyesa mchenga, unacha kumayambiriro kwa mwezi uno. Palibe anathyola. Ana amene anatambasula dzanja anabwerera akulipukusa. Mayi wina woyembekezera analira misozi yeniyeni akuyang'ana dowe, koma mayi Margreth anati Bwana asanalawe, ngakhale mwana wa m'mimba adikire.

Tinadzaza beseni langa la buluu ndi dowe wosankha, nkhwani wanthete, ndi timaungu tiwiri. Tinavundikira ndi chitenje chatsopano. Wopita nalo anasankhidwa monga mwa masiku onse: onse anatembenukira kwa ine. Ndinakwera basi, kenako sitima, beseni lili pamiyendo. M'tauni ndinalisenza pamutu chifukwa ndi mmene limapepukira, ndipo anthu a masuti ankandipatukira mwaulemu. Pakhomo panu ndinaloza foni pa kachizindikiro kolembetsera olowa, ndinapaka sanitaiza, ndinakonza masiki. Mtsikana wa pakauntala anandifunsa ngati ndili ndi nthawi yokumana nanu. Ndinati nthawi ndili nayo yambiri. Anaimba foni, ndipo m'malo mwanu anatsika a Bennett.

Ndinagwada, ndinavundukula chitenje. Anasangalala, anafunsa kuti zokongolazi zachokera kuti. Ndinasonkhanitsa Chingerezi changa chonse n'kuwauza kuti zachokera m'nkhalango yawo. Nkhope yawo sindinaione chifukwa cha masiki, koma chipumi chinafiira ngati tomato wakupsa, kenako chinayera. Anafunsanso kachiwiri. Ndinawaonetsa zithunzi za m'foni, zojambulidwa kuchokera pansi. Anakhala pa mpando wa alendo, ine ndili chigwadire. Ndinawamvera chisoni. Ndinawasendera dowe mmodzi kuti aone kuti alibe mbozi.

Patangopita masiku ochepa kalata yanu inafika. Choncho, Bwana, chimene chinawononga nkhalango yanu si makasu athu ayi. Makasu anadutsa mu September, ndipo nkhalango inapitiriza kukula bwinobwino m'mabuku anu mpaka Khirisimasi. Chinawononga ndi ulemu wathu. Tikanakhala anthu opanda mwambo, odya okha osakumbuka mwini malo, bwenzi pano ikumezabe utsi, ndipo mwina chaka chamawa mukanalandira nayo mphoto. Pepani kwambiri. Makolo athu anatilera molakwika.

Ndamva kuti nkhwani uja munamuika m'botolo la maluwa pa tebulo la misonkhano. Sindikudandaula, aliyense amadya m'njira yake. Koma beseni silinabwerere. Sindikulonjerera ayi. Ndangoti ndikudziwitseni kuti kwathu beseni limabwerera, ndipo silibwerera lopanda kanthu.

Chachisanu, ndipo ichi ndiye chachikulu, zikomo chifukwa cha maphunziro.

Kalata yanu itatipeza tinakhala pamthunzi wa thanki, mitima ili pansi. Mayi Margreth anati tisanayankhe timudziwe kaye munthu amene tikulankhula naye. Ndiye a Paterson anatiwerengera lipoti lanu lonse, tsamba ndi tsamba, akumasulira. Ine amene sindinapite kusekondale ndinaphunzira tsiku limenelo zimene aphunzitsi anga sanazilote.

Ndinaphunzira kuti gasi wanu akakwera sitima n'kukayaka m'dziko lina, utsi wake si wanunso, ndi wa amene wayatsa. Ndinakumbuka azakhali anga amene ankatcheza kachasu kuseri kwa msika wa Mponela. Amuna akamenyana pamsika, iwo ankati ndewuyo ndi ya pamsika, kwawo kunangochokera botolo. Apolisi sanawamvetse. Anabadwa m'dziko lolakwika azakhali anga. Kuno bwenzi ali ndi ofesi ya magalasi.

Ndinaphunzira kuti utsi wa sitima iliyonse mwauchepetsa, kungoti sitimazo mwazichulukitsa. Izi sizinandivute kumva, chifukwa ndi mmenenso a Flywell anachepetsera shuga adokotala atawalangiza. M'kapu iliyonse amathira pang'ono, koma ketulo siizizira tsiku lonse.

Ndinaphunzira kuti muli ndi makina okwirira utsi pansi pa nthaka kuti usaoneke, ngakhale lipoti likuti makinawo akuphunzirabe ntchito. Apa amayi onse anagwedeza mitu. Palibe mkazi amene sanasesereko zinyalala kunsi kwa mphasa ataona apongozi akutulukira pa njira. Kusiyana kwake n'koti ife sitinkaitana wojambula.

Kumapeto kwa bukulo kuli malangizo kwa mabanja a antchito anu, oti tizizimitsa magetsi tikamatuluka m'chipinda. Ndimatsatira, Bwana. A Flywell akanditumizira chithunzi cha lawi lija la pamwamba pa fakitale, limene akuti chifikire sanalionepo litazima, ine ndimathamanga kukazimitsa babu la kubafa kuti tithandizane.

Koma pamene tonse tinaimirira n'kuwomba m'manja ndi pa tsamba lomaliza, pamene mwalonjeza kuti utsi wonse udzatha pofika chaka cha 2050. Mayi Monde anafunsa ngati a Paterson awerenga bwino. Anawerenganso. Mayi Margreth anati pofika nthawi imeneyo iwo adzakhala akusambitsidwa ndi anamwino ena, ndipo inu, Bwana, mudzakhala mukuwedza nsomba kwinakwake, wolowa m'malo mwa wolowa m'malo mwanu ndiye adzayankhe. Ine ndinangoti mumtima: koma pali anthu odziwa kupempha nthawi.

Tsono popeza mwatiphunzitsa, sitikufuna kukuchititsani manyazi pochita zinthu mwachimidzi. Mlandu tauvomera. Chimanga chili pamalo a mitengo, ndipo chiyenera kuchoka. Gulu lathu lakhala pansi ndipo lakonza ndondomeko yake, motsanzira yanu.

Tikulonjeza pamaso pa dziko lonse kuti chimanga chonse chidzakhala chitachoka pamalopo pofika chaka cha 2050.

Pakadali pano tiyamba kuchepetsa chimanga cha pa mzere uliwonse. Mizere yokha ndiyo tiwonjezereko pang'ono chakumadzulo, kumene kwatsala malo.

Dowe amene adzadyedwe ku Maddington ndi madera ena asawerengedwe ngati wathu. Ndi wa amene wakukuta.

Ndalankhulanso ndi amalume anga ku Mponela. Avomera kuti chaka chino sadzala chimanga pa kachigawo kena ka munda wawo, m'malo mwa ife. Ndi pathanthwe, ndipo sipanamerepo kanthu chibadwire chawo, koma chithunzi adzatumiza. Mlengalenga ndi umodzi, a Paterson anatero, ndiye ndikhulupirira nthakanso ndi imodzi.

Chimanga china tidzachikwirira pansi kuti chisaoneke. Luso limeneli tili nalo kuyambira kale, ndipo makasu athu sakuphunziranso ntchito. Chikadzatulukanso mvula ikagwa, tidzalemba lipoti.

Chaka chilichonse tizidzakutumizirani chithunzi chochokera kumwamba.

Mayi Margreth akuti ndondomekoyi ndi yabwino moti mukhoza kutilemba ntchito. Koma ine ndikudziwa kuti anthu aang'ono sapatsidwa zaka zambiri chotero, ndiye ndikutsitsa pempho. Mitengo yanu tidzabwezera ndithu, ndipo apa sindikuseka. Mvula ya June ikadzayamba, mutitumizire munthu wodziwa, atiloze kuti uwu ndi mtengo, uwu ndi udzu, ndipo akhale nafe kupitirira nthawi ya soseji. Tidzadzala, tidzapalira mosamala, ndipo mpopi tikuudziwa kale potsegulira. Nafenso kutenthaku kukutiwotcha. Khirisimasi yapitayi ngakhale chidole chinkaoneka chofuna mthunzi, ndipo kumudzi amayi akuti mvula masiku ano imabwera ngati mlendo wolakwa njira. Mitengo yokha siingameze zonse zimene lawi lija likulavula, izi ngakhale wa Sitandade 8 akuziona, koma mbali yathu tidzachita.

Pempho langa ndi ili, Bwana, ndipo ndikulinena maso ali pansi. Inu mwapempha dziko lonse kuti likudikireni zaka pafupifupi makumi atatu, ndipo dziko lakuwomberani m'manja. Ife tikupempha mwezi umodzi. Thirakitala idikire dowe akhwime, mayi woyembekezera uja adye, ana akukute, mayi Margreth akolole mizere imene analima tsiku lija. Munthu wodziwa kukoma kwa kudikiridwa ngati inu sangavutike kumvetsa.

Mukaona kuti mwezi ndi wautali kwambiri moti dziko silingapirire, thirakitala ibwere ndithu, tidzailandira ndi ulemu ndipo woyendetsa tidzamupatsa madzi akumwa. Mungomuuza kuti alambalale a Flywell a udzu aja, poti ndi wantchito wanu wa satifiketi. Mumuuzenso kuti asasiye injini ikulira nthawi yaitali, chifukwa akadzamaliza ntchito yake sipadzatsala kanthu pamalopo komeza utsi wake, ndipo sindikudziwa kuti chaka chino kandege kaja kadzajambula chiyani.

Ndatha ine wanu wogwada kumbuyo kwa anthu onse,

Tayamika Kadzuwa,
mwini chigongono cha pa chithunzi,
m'malo mwa alimi a m'nkhalango yanu.

Ndinaiwala: beseni lija ndi la buluu, long'aluka pang'ono m'mphepete. Musadzivutitse kulidzaza. Mukangoikamo kapepala kolembedwa kuti March, lidzakhala labwerera mwamwambo.